Chifuwa cha a Vovo Tome

Ndikamva fungo la njerwa zikupsa mu uvuni, m'maso mwanga mumabwera a Vovo Tome, bambo awo a bambo anga, ali mbuu ndi phulusa, malaya atamanga mpaka pakhosi. Dzuwa la ku Moatize mukulidziwa, nkhuku zimaikira mazira ophikaphika, koma mdala ameneyu kuvula ayi. Posamba ankapita okha, kuseri kwa kuseri. Ife ana tinkati amabisamo radiyo.

Atatisamutsa ku Mithete chifukwa cha malasha, tikukhala ku Cateme, mayi anabereka mng'ono wanga Zeka. Tsiku lotuluka m'chikuta, azakhali a Lusiya, alongo awo a bambo, akumusambitsa, anangoima n'kuyamba kupapasa. Pachifuwa pa mwana panali see ngati mbale yotsuka, popanda nsonga za mawere, ngakhale kadontho.

"Kumtundu kwathu kulibe zotere," anatero azakhali. "Izi mwabwera nazo kwanu ku Zobuwe, mlamu. Munaponda chiyani muli ndi pakati?"

Pofika masana azakhali anali atamanga kale zovala za mayi m'chitenje cha kapulana, kuti akwere shapa, minibasi ya kuno, azipita kwawo. Mayi ankangolira, Zeka akuyamwa osalabadira za mlandu wake.

A Vovo anadzuka pampando n'kuyamba kumasula malaya aja. Ndikulumbira, ngakhale komboyo ya malasha inaima panjanji kuti ione nawo. Chifuwa cha Zeka chomwechija, see, kungoti ichi chamakwinya.

"Lusiya, nanga ine ndikwere shapa yopita kuti?"

Kenako anapitiriza.

"Malemu mayi ako anandiona chonchi, n'kukuberekani nonsenu. Ndinalephera kuyamwitsa ndani? Masula kapulanayo."

Kuchipatala anamwino anati sizionekaoneka, mwana amangobadwa choncho, palibe amene analakwa. Anamupima paliponse, n'kutiuza kuti akamakula tiziyang'anira mano, tsitsi ndi thukuta. Zeka mano anamera okwanira kuluma Cateme yense, thukuta ndiye musanene, timachita kuthirira nalo dimba.

Mayi sanapite. Alipo mpaka lero, ndipo ndi amene amatilamula tonse.

Mkazi wanga atachira chaka chathachi, azakhali anatulukira kudzasambitsa mwana, manja akuwayabwa. Ndinawapatsira ndekha.

"Sambitsani, Tiya. Koma mukapeza chosowa, mkazi wangayu musamuyang'ane. Muyambe mwativula ife."

Anandigenda ndi chinkhupule.