Nkhosa Zanga ndi Mankhwala a Fodya

Ku chikamwini ndinapita ndi nkhosa zisanu ndi ziwiri, khasu ndi thumba la zovala. Kwathu ndi kwa Msakambewa, mkazi wanga kwawo ndi kuseri kwa Kasakula, kumapiri a Ntchisi. Tinayamba takhala kaye kwathu, koma abale ake anatumiza mawu kawiri kuti mbumba yawo ibwerere, ndiye matipate atangoyamba kumene tinanyamuka. Iye anakwera lole ndi mwana. Ine ndinayenda wapansi masiku awiri, nkhosa zili patsogolo.

Nkhosazo anandipatsa bambo anga ali moyo. Anachitira dala, chifukwa ankadziwa kuti akangotsinzina abale awo adzasesa zonse mpaka chingwe chomwe. Nawonso anakalambira pa chikamwini. Tsiku limene ankandipatsa anangoti, "Kumene ukupitako munda ndi wa mkazi wako, nyumba udzamanga pa dothi lawo, ana ndi awo. Zako ndi izi basi." Anamwalira ndisanamalize n'kufolera komwe nyumba yanga yatsopano.

Mudzi umene ndinafikirawo unali wa mbuzi zokhazokha. Nkhosa ankangozimva kutchalitchi. Azimayi akamachokera kuchitsime ankaima n'kumaseka michira yake yonenepa, ati zikuyenda ngati zabereka mtondo kumbuyo. Ine ndinkangoyang'ana timbuzi tawo tam'mimba ngati ng'oma n'kumati mumtima, sekani, tidzaonana chaka chamawa.

Mwinimbumba pamudzipo anali atsibweni a mkazi wanga, ndipo ine ndinkawatchula apongozi. Ndisaname, sanali munthu woipa. N'chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero, chifukwa akanakhala woipa bwenzi ndikuwatukwana mtima uli m'malo. Anali munthu wa phwete, wopatsa. Munda anandilozera ndi iwo, mitengo ya khola anandidulira m'nkhalango yawo. Anagwirapo ntchito ya ukapitawo pa esiteti ya fodya, ndiye anthu wamba ataloledwa kulima fodya wa bale, aliyense pamudzipo ankathamangira kwa iwo kukafunsa za nazale, za feteleza, za mankhwala. Akanena iwo, nkhani yatha. Ndipo ine mkamwini, wobwera dzulodzuloli, ndikakumana nawo panjira ndinkapatuka n'kunjuta.

Mvula itayamba, nkhupakupa zinabwera ngati zaitanidwa. Zinadzaza m'makutu, pansi pa michira, pakati pa ziboda. Yamphongo, imene bambo ankaikonda, inayamba kutsimphina. Kwathu zoterezi sizinkandidetsa nkhawa. Tsiku la dibi ng'ombe zikatha kusamba, mkulu wa padibi ankatitungira madzi amankhwalawo m'ndowa, ife n'kukapukuta nkhosa zathu kunyumba. Ndiye ndinafunsa kuti dibi la kuno lili kuti, anandilozera kutsidya kwa dambo.

Ndinalipeza lili bwinja. Malata anazula, pansi pali madzi amvula obiriwira ndi achule. Mkulu amene ankayang'anira dibilo anali pakhonde pake chapafupi, akumata chubu cha njinga. Anali bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono.

"Mankhwala anasiya kubwera," anatero. "Akuti tsopano alimi azidzigulira okha. Ufulu munkaufuna uja ndi umenewu, achimwene."

Ndinawafunsa kuti nanga amagulitsa kuti. Anangoseka, n'kupitiriza kupaka guluu.

Ndinayamba ndi magolosale a pa Kasakula. Munali sopo, mchere, palafini, zingwe zosokera fodya, mankhwala a makoswe. Ndikatchula za nkhosa ankandiyang'ana ngati ndafunsa nyanga ya galu. Tsiku la msika ndinapeza venda wina atayala timabotolo topanda pepala, ati amenewa amapha nkhupakupa, nsikidzi, anankafumbwe, chilichonse. Ndinamufunsa kuti ndithire angati m'ndowa, anati mungoona nokha. Ndinamusiya pomwepo. Ndinabwereka njinga n'kupalasa mpaka ku boma la Ntchisi, zitunda zonse zija, malaya ali chonyowa. Sitolo ina anati anatha, ina anati sanayambe asungapo, ina anati yesani ku Mponela. Ndinabwerako ndi chithuza kumatako basi.

Nditabwerera kwa mkulu wa padibi uja n'kuwafotokozera zonse, mpaka za yamphongo yotsimphina, anandimvera chisoni. Anati kumapeto kwa mwezi ali ndi ulendo wa ku Mponela ndipo adzanditengera botolo lenileni. Kenako anasiya njinga n'kundiyang'ana.

"Koma chimodzi ndikuuzeni. Kunoko anthu ayamba kupukuta mbuzi ndi mankhwala a kumunda. Inu musadzayerekeze. Nkhosa si mbuzi. Ubweya wake umasunga madzi, ndiye poizoni amalowa m'thupi. Dikirani ineyo."

Mawu amenewa ndinawamva bwinobwino, ndipo nditafika kunyumba ndinamuuza mkazi wanga. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse tinkalowa m'khola awiriwiri, iye kugwira mutu, ine kuzula nkhupakupa ndi zala n'kumaponya m'phale la phulusa lamoto. Zala zinkanunkha tsiku lonse. Koma nkhosa zinkadya, ndipo yaikazi ina inali ndi bere. Kunatsala masiku osakwana khumi kuti mwezi uthe.

Loweruka lina m'mawa apongozi anatipeza tili pa ntchito yomweyo. Anatsamira pa khola n'kuyamba kuseka.

"Akamwini, mpaka liti kutola nkhupakupa ngati mukutola mtedza? Lero tikusambitsa mbuzi zonse za pamudzi pano kuseri kwa chigafa. Zanuzi zibwerenso."

Kuseri kwa chigafa cha fodya anali ataikako mgolo wodula pakati, wodzaza madzi. Mudzi wonse unali pomwepo, mayi ake a mkazi wanga, azichemwali ake, azilamu anga, aliyense atagwira chingwe cha mbuzi yake. Apongozi anatulutsa botolo limene ankapopera nazale ya fodya. Pa pepala lake panali chigaza cha munthu ndi mafupa awiri opingasa. Anayeza ndi chitsekerero cha botolo lomwelo, n'kutakasa ndi ndodo mpaka madzi anayera ngati mkaka. Fungo lake linali lolasa m'mphuno. Mbuzi ankangozipukuta ndi chiguduli chonyowa kumakutu ndi kumchira, n'kuzitaya. Zinkadzikutumula n'kuthamangira pachulu kukawothera dzuwa.

Atatha mbuzi anatembenukira kwa ine.

Ndinanjuta, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Apongozi, zangazi zikhoza kudikira kaye."

"Aa, manyazi a chiyani? Inu ndinu mwana wathu muno. Ziweto zanu ndi zathu. Kapena mukuona ngati tikufuna kukulipiritsani?"

Anthu anaseka. Apongozi aakazi, mayi ake a mkazi wanga, anandiyang'ana cham'mbali. Mawu a mkulu wa padibi anali pakamwa panga penipeni, koma kuwatulutsa kunali kuuza mwinimbumba, pamaso pa mbumba yake yonse, kuti sadziwa chimene akuchita ndi botolo lake lomwe. Ine amene ndikudya za m'munda wake, khola langa la mitengo yake. Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye ndiye mwini mudzi, atsibweni ndi ake, akanatha kunena mwanthabwala n'kutha bwino. Anawerama n'kumakonza nsalu ya mwana kumsana.

"Zikomo apongozi," ndinatero. Ndinapita kukhola n'kukazitenga ndekha.

Atagwira yoyamba anapisa dzanja m'ubweya wa pakhosi n'kupukusa mutu. "Izi chiguduli sichingafike pakhungu. Ubweya wachuluka, mankhwala achepa mphamvu." Anawonjezera zitsekerero zitatu mumgolo muja. Kenako anati tizizimiza mpaka m'khosi. Miyendo yakutsogolo ndinkagwira ine, yakumbuyo mlamu wanga, apongozi n'kumazitikita kuti madzi alowe bwino. Zonse zisanu ndi ziwiri. Yamphongo inalimbana nafe mpaka inandiponda pachifuwa, ndipo anthu anaombera m'manja kuti ili ndi mphamvu. Ndinaikanikiza ndi manja angawa.

Dzuwa lisanafike pamutu zinali zitasiya kudya. Zinaima pamthunzi wa mango mitu ili pansi, dovu likuyenderera. Kenako zinayamba kunjenjemera, kutsegula m'mimba, kugwa n'kumapalasa miyendo. Ndinazithira madzi a pachitsime ndowa ndi ndowa. Mkazi wanga anasinja makala, tinazimwetsa ndi botolo, zina tinazimwetsa mafuta ophikira. Palibe chinathandiza. Pofika madzulo zinayi zinali zitauma. Yamphongo ndi ina zinafa Lamulungu anthu ali kutchalitchi. Ya bere ija inalimba mpaka Lolemba, inataya kamwana kakufa, nayo n'kutsatira. Mbuzi zonse zinali pachulu zikubzikula, ngakhale imodzi yotsokomola.

Azilamu anga ena anabwera ndi mipeni, ati nyama yonseyi isawonongeke, tingotaya zam'kati. Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinatola khasu n'kuwauza kuti amene akhudze nkhosa yanga aona. Apongozi anawabweza okha, anati nyamayo ipha ana. Dzenje ndinakumba ndekha kuseri kwa khola. Anafuna kundithandiza, ndinakana. Ndinaponyamo zonse, ndinakwirira, n'kusanjikapo miyala kuti agalu asafukule.

Kwa masiku atatu sindinalankhule ndi mkazi wanga. Tsiku lachinayi ndinamufunsa kuti bwanji unangokhala chete ukudziwa. Anati, "Nkhosa zinali zanu, abambo. Ndimati munena ndinu." Ndinatuluka panja, chifukwa ndikanakhala m'nyumbamo ndikanalankhula zoti banja n'kuthera pomwepo. Ndinamukwiyira nthawi yaitali, ndipo mwina mpaka pano kakadalipo. Koma sananame.

Apongozi sanagone nazo bwino, zimenezo ndikuvomera. Phwete lawo lija linazima. Anasankha mbuzi ziwiri zazikazi m'khola mwawo n'kubwera nazo, anthu akuona. Anazimanga pa khola langa lopanda kanthu lija n'kunena kuti, "Izi ndapereka kwa mwana wa mlongo wanga, kuti pakhomo pano pasakhale zii." Anachita monga mwa mwambo wake, chuma cha mbumba chimapita kwa mbumba. Anthu anayamikira kuti ndi munthu wa mtima wabwino. Khola ndinamanga ine, koma zolowamo zinali za mkazi wanga.

Lachisanu lotsatira mkulu wa padibi anatulukira pa njinga yake. Anali atafulumiza ulendo chifukwa choganizira yamphongo yotsimphina ija. Anamasula kathumba ka shuga pa keriyala, n'kutulutsa botolo latsopano, pa pepala lake pali chithunzi cha ng'ombe ndi nkhosa. Anasuzumira m'khola n'kuona mbuzi ziwiri. Anayang'ana miyala ija.

Apongozi anali ataona njinga, ndiye anabwera kudzalonjera mlendo. Anakhala pa mpando, ine pansi. Anafotokoza okha zonse, osabisa, mpaka za zitsekerero zitatu zija. Mkulu wa padibi anamvetsera, kenako anatembenukira kwa ine.

"Koma achimwene, si ndinakuuzani ine kuti nkhosa si mbuzi?"

Apongozi anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Munkadziwa, akamwini?"

"Ndinamva, apongozi."

"Nanga bwanji simunanene? Ine ndikanakana? Mwandichititsa chinthu choipa chotere pamaso pa anthu, inu mukudziwa?"

Anafunsa ndi mtima woona, maso atafiira. Ndipo n'kutheka kuti sakanakana. Funso limenelo ndakhala nalo zaka zonsezi, ndikalima, ndikadwala, ndikaona nkhosa za eni ake m'mbali mwa msewu wa ku Dowa. Mumtima ndinali ndi zambiri zoti ndiwayankhe. Ndinkafuna kuwafunsa kuti ndi mkamwini uti pamudzi pano anayamba wawatsutsapo n'kugona m'nyumba mwake bwinobwino. Ndinkafuna kuwauza kuti zimene munamiza mumgolo muja ndi bambo anga. Mkazi wanga anali ataima pakhomo, apongozi aakazi akusuzumira kuseri kwa nkhokwe.

Ndinanjuta bwinobwino, manja pamodzi.

"Pepani apongozi," ndinatero. "Ndinalakwa ndine."

Anagwedeza mutu n'kunena kuti zatha, tisazikumbutsenso. Anavala chipewa n'kuperekeza mlendo mpaka panjira.

Botolo lija ndinalilandira, poti munthu anavutika nalo kuchokera ku Mponela. Linali labwino ndithu. Ndinasambitsira mbuzi za mkazi wanga dzinja lonse, ndipo sizinagwidwepo nkhupakupa ngakhale imodzi.