Dothi Lotuwa la Aneba Anga

Amai oyandikana nane kuno ku Msoro ndi akatswiri ozira nyumba. Dothi wamba salifuna. Amakatapa lotuwa kumaenje amene ofufuza miyala anasiya. Amakonda kunena kuti, "Dothi labwino limadziwika ndi lilime."

Mwezi watha kunabwera anthu ndi kamakina koyezera poizoni wosaoneka wa m'nthaka. M'minda kanangolira mwa apo ndi apo, iwo n'kuti palibe vuto. Atalowa m'nyumba mwa amaiwo, kanalira ngati nkhululu.

"Amai, pansi ponsepa tipale, dothili likakwiriridwe kutali," anatero mkulu wawo.

Amaiwo anangowapatsa khasu. "Palani, ana anga. Mukatha mupite kutchalitchi, ndinazirakonso. Kenako kwa awa."

Analoza ine. Pansi pamenepo ndi pamene mwana wanga akuphunzirira kukwawa.