Chelo M'thumba Lonyowa

Pa msika wa Luangwa Boma palibe amene sawadziwa a Silvestre Njobvu, telala wa pakhonde la sitolo ya simenti. Zaka makumi atatu akhala akupalasa makina awo, kusoka mayunifomu a sukulu ndi kuika zigamba pa mathalauza a asodzi. Munthu wake ndi wamantha chibadwire. Akazi awo, a Delfina, amati bamboyu akhoza kupepesa ngakhale kwa mbuzi imene yamudyera mapira.

Chelo anakumana nacho ku Lusaka, pa mwambo wa mwana wawo womaliza koleji. Mayi wina anakumbatira chigitala chachikulu choimirira pansi n'kumachikwecha ndi uta, ndipo chinkalira ngati munthu wamkulu akudandaula chapansipansi. A Silvestre chinawalowa mumtima mpaka anaiwala kuomba m'manja dzina la mwana wawo litaitanidwa. Mwanayo sanakwiye. Anangowalowetsa m'gulu la pa watsapu la anthu ophunzira chelo, ena a ku Kitwe, ena a ku Harare, ena a ku Tete. Mphunzitsi wa gululo anali a Lovewell, woimba wa ku Lusaka, munthu wosadziwa kunyengerera. Lamulo linali limodzi: Loweruka lililonse aliyense ajambule zimene waphunzira n'kutumiza, ngakhale zilire ngati chitseko.

Chaka chathunthu a Silvestre anaphunzirira zala pa thabwa lomwe anakungapo zingwe zinayi za mbedza. Khama limeneli linawakhudza amayi Isabel a ku Ndola, mayi wamasiye amene anayambitsa gululo limodzi ndi malemu amuna awo. Anawabwereka chelo cha malemuwo. Chinabwera pa basi, ndipo a Silvestre anachinyamula kuchoka pasiteji ngati khanda la eni.

Kenako unafika Okutobala. Amene sanakhalepo ku Feira, dzina lakale la Luangwa, mwezi umenewu asamanene kuti amadziwa kutentha. A Lovewell anali atachenjeza kuti kutentha kumawononga chelo, ndipo mawuwo anawakhala a Silvestre pamtima. Akamasoka pamsika, maganizo anali pa malata a nyumba yawo. Tsono anachita zimene munthu aliyense wa kuno amachita ndi chigubu cha madzi akumwa: ananyowetsa thumba n'kuchikulunga. M'mawa ankanyowetsa, masana n'kuthamangira kunyumba kukanyowetsanso. Kufunsa m'gulu sanafunse, poopa kuoneka mbuli. Paja safunsa anadya phula.

Tsiku lachisanu ndi chitatu atavundukula thumba, anapeza thabwa la kutsogolo litamatuka m'mbali, mpata woti chala n'kulowa. Atakwecha uta, chinangolira ngati mavu m'chitini. Anakhala pansi.

Mnzawo wokhoma maboti, a Damiano, anabwera kudzaona. Anachitembenuza, nachigogoda ndi chala.

"Ba Njobvu, aka ni kabwato chabe," anatero. "Ikanipo guluu ya maboti iyi, olo mvuu siingatsegule. Palibe azaziba."

Chitini cha guluu anawasiyira. A Silvestre ankachitsegula, kununkhiza, n'kutsekanso. Kumata ankaopa, kuulula ankaopanso. Chimene chinkawadya kwenikweni n'chakuti akanena zoona, amayi Isabel aitanitsa chelo chawo, gulu liwachotsa, iwo n'kubwerera kukhala telala chabe. Loweruka loyamba analemba kuti netiweki yavuta. Loweruka lachiwiri anati chala chatupa. Loweruka lachitatu anangoti zii. Foni ikalira ankaopa kuiyang'ana. Kudya kunachepa, ndipo tsiku lina anasokerera thumba la shati ya mphunzitsi wina chadodolido. A Delfina anawapirira mpaka anatopa, n'kuwauza kuti mlandu suola, ndipo iwo sakufuna kukhala ndi mwamuna woonda chifukwa cha thabwa.

Lachisanu masana anajambula mng'aluwo, nalembera gulu zonse, za thumba ndi za bodza lomwe. Chala chinazengereza nthawi yaitali chisanatumize. Atatumiza anaika foni pamakina n'kumaiyang'ana. Anaona kuti anthu awerenga, mmodzi, asanu, khumi, koma woyankha panalibe. Thukuta linali kamukamu. Munthu wina anabwera ndi thalauza yoti aipinde, iwo anamuuza abwere mawa.

Foni inalira. Anali amayi Isabel, amene anali asanawaimbirepo n'kale lonse.

"Mwaikapo guluu iliyonse?" anafunsa asanapereke n'komwe moni.

A Silvestre anayang'ana chitini chimene chinali m'chikwama pafupi ndi phazi lawo. Anayankha kuti ayi.

Amayiwo anapuma mwamphamvu. Anafotokoza kuti guluu wa chelo amakhala wofewa dala, kuti zinthu zikavuta amatuke ndi iyeyo, thabwa lipulumuke. Akanaika wa maboti, ndiye kuti akanachipha. Anawauza kuti achisiye pamthunzi chiume chokha, kenako achikweze basi kupita kwa a Lovewell, amene amadziwa mmisiri. Zingatenge miyezi iwiri kapena itatu. A Silvestre anayamba kupepesa, koma anawadula.

"Ba Silvestre, chelo ni thabwa. Ine masabata yatatu nenze kuganiza kuti mwadwala. Amuna anga nawo anayamba so, kungokhala zii pa gulupu. Musakanichite futi."

A Silvestre anachita manyazi aakulu, kuposa a thumba lija. Anafuna kufunsa ngati chelo chikakonzedwa chidzabwereranso ku Feira, koma anaopa, ndipo amayiwo sanatchule. Anangowonjezera kuti mawa ndi Loweruka. Poti chelo palibe, ayimbe ndi pakamwa.

M'mawa mwake anatsekera makina m'sitolo n'kupita kuseri kwa msika, kumene amayi ogulitsa nsomba sakanawamva. Anajambula kanayi, kanayi konse n'kufufuta. Kachisanu anatsinzina n'kutumiza, mawu a bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri akunjenjemera pa nyimbo ya ophunzira oyamba. Anakhala pa njerwa kudikira, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti chotsatira ndi mawu aulemu otsanzikana nawo.

Yankho la a Lovewell linabwera dzuwa litakwera.

"Ba Njobvu, pa mzere wachitatu mwathamanga maningi, na liwu lothera mwalitsitsa maningi. Bwelezani. Nifuna kumvela pa Mande."

A Silvestre anawerenga kawiri. Anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala pa yunifomu ya mwana wa eni, nakonza kukhosi, n'kuyambiranso mzere wachitatu pang'onopang'ono.