A Sellina, Chitsanzo cha Abwana

A Sellina Tchale analowa ntchito pakampani yathu yosindikiza mabuku ku Ginnery Corner mu 2016. Anawalemba kuti azikolopa ndi kuphika tiyi. Kwawo ndi ku Nsanje, koma amakhala ku Chirimba ndi ana awo awiri, ndipo sukulu analekezera Fomu 2. Ine ndine Wilfred, ndimayendetsa makina odulira mapepala pakampanipo. Nkhaniyi imandiwawa mpaka lero, ndiye mundikhululukire ndikapsa mtima.

Bwana wathu, a Kingsford, ndi munthu wa pakamwa pokoma. Atapita kumaphunziro ena ku Lilongwe anabwerako ndi uthenga watsopano. Lolemba lililonse tikatha pemphero, ankatiimika kwa theka la ola. "Palibe anabadwa mbuli," ankatero. "Nzeru zimakula ukazigwiritsa ntchito. Musamati sindingathe, muziti sindinafikepo." Enafe tinkangogwedeza mitu, maso ali pa wotchi. A Sellina okha ndiwo anawatengera mawuwo kumtima.

Tsiku lina anandipeza pa makina, mopu ili m'manja.

"A Wilfred, chimakinachi chimaluma?"

"Chimadula zala, mayi."

"Ndiye mundionetse pomwe chimadulirapo."

Ndinkaganiza kuti ndi za tsiku limodzi. Koma nthawi ya nkhomaliro iliyonse, anzathu akuthamangira chipisi kumsewu, iwo anali pambali panga. Analakwitsa kosawerengeka. Tsiku lina anadula mokhota makhadi onse a ukwati wa munthu, ine n'kutukwanidwa m'malo mwawo. Sanagwe mphwayi. Pepala lililonse lowonongeka ankalisunga, kuseri kwake n'kulembako chimene chinalakwika. Patatha zaka ziwiri ankapinda, kusoka ndi kumata buku mwaluso kundiposa, ngakhale izi sindinawauzepo. Kenako anayamba sukulu ya Loweruka ku Limbe. Mayeso a Fomu 4 analephera koyamba, n'kukhoza kachiwiri.

A Kingsford anaziona zonsezi. Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kuitanidwa m'mahotela a m'tauni kukalankhula kwa ogwira ntchito m'maofesi za kusintha kaganizidwe. Anayamba kuwatenga a Sellina pagalimoto yawo. Lamulo linali limodzi: asasinthe zovala, apite ndi yunifolomu yokolopera ndi duku lake. Kumeneko ankawaimika kutsogolo, n'kuwapatsa mapepala kuti amange buku anthu akuona. Akamaliza, m'manja munkawombedwa mpaka ena kupukuta misozi. A Sellina ankabwerako akumwetulira, atatinyamulira masamusa.

"Abwana akuti malo akapezeka ndi anga," ankandiuza.

Chaka chatha malo anapezekadi. A Roy, omwe ankayang'anira gawo lomanga mabuku, anapuma pantchito. A Sellina anatayipa okha kalata yofunsira ntchitoyo, ndi zala ziwiri, ndipo anakaisiya pa desiki ya abwana. Tsiku lofunsa mafunso linafika, dzina lawo panalibe. Analembedwa bambo wina wochokera kunja kwa kampani.

A Sellina anandipempha kuti ndiwaperekeze ku ofesi, ndipo ndinapita. A Kingsford anatilandira bwino, mpaka kutipatsa mipando.

"Bwana, ndalakwa pati?" anafunsa a Sellina.

"Simunalakwe, mayi. Inu ndinu chitsanzo chathu. Mukudziwa kuti anthu amalira akamva nkhani yanu? Wokolopa womanga mabuku. Nanga ndikakukwezani ndikanena chiyani? Supavayiza womanga mabuku ali paliponse, palibe angadabwe naye. Pirirani kaye, chaka chino tatsala ndi misonkhano inayi."

Analankhula mopanda manyazi, ngati akuwayamikira. Ine amene ndimadzitcha wosaopa munthu ndinangoyang'ana pansi. Ndili ndi ana inenso, koma chimenecho si chifukwa chokwanira, ndipo ndimachita nacho manyazi.

A Sellina sanalire. Anathokoza, n'kutuluka kukatsuka makapu. Patatha masabata awiri anamva kuti kampani ina yosindikiza ku Limbe ikufuna womanga mabuku. Kumeneko anawauza kuti ayenera kubweretsa kalata yochokera kwa abwana awo yotsimikiza kuti ntchitoyo amaidziwa, apo ayi sangawalembe. Anakaipempha. A Kingsford anati ayi palibe vuto, ndipo mawa lake anawapatsa envulopu.

A Sellina anabwera nayo pa makina anga. Kalatayo inali ya m'Chingerezi, mizere itatu yokha. Inkati a Sellina Tchale agwira ntchito yokolopa kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndi aukhondo, aulemu ndiponso osajomba. Za makina munalibe, za mabuku munalibe, ngakhale liwu limodzi.

Ndinafuna kuwanamiza kuti mwina yalembedwa mwachidule chabe, n'kuyamba kuwamasulira mozungulira. Anandigwira dzanja.

"Musavutike, a Wilfred," anatero. "Ndawerenga ndekha. Paja ndinaphunzira."