Mkaka sutsuka mapapo

Chifuwa changa ndinachiwononga ndekha. Sindinalodzedwe, palibenso anandikakamiza. Unali uchitsiru basi. Ndikulemba kuti zitsiru zinzanga zimve, ngati zili ndi makutu.

Kwathu ndi ku Dedza. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Kuno ku Mzimba ndinabwera zaka zimene ankathira phula pamsewu waukulu wodutsa ku Champhira. Anandilemba ntchito pachigayo chophwanya miyala. Malole ankakhuthula miyala, ife n'kumaiponya m'kamwa mwa makina. Fumbi lake linali loyera mbee. Pofika masana mnzako sunkamuzindikira, tonse ngati tagwera m'thumba la ufa.

Kampani inkatipatsa zinthu ziwiri: kansalu kophimba mphuno ndi pakamwa, ndi kapu ya mkaka poweruka. Mkakawo tinkaulimbirana. Kansaluko tinkapukutira thukuta. Kankatentha, komanso fodya sungasute utakavala. Nzeru ya pachigayo inali yakuti fumbi likalowa masana, mkaka umalitsuka madzulo n'kutsikira nalo m'mimba. Aliyense ankatero. Ine ndinkatero mokweza kuposa onse.

Panali bambo wina wa ku Edingeni, a Shaba. Iwo ankavala kansalu kawo tsiku lonse, poweruka n'kukachapa. Ndinkawanyoza. Ndinawatcha Thole, poti ankaoneka ngati mwana wa ng'ombe womangidwa pakamwa kuti asayamwe. Tsiku lina ndinawafunsa pagulu ngati akazi awo ndiwo amawamanga m'mawa. Anthu anafa nalo phwete. Iwo anangondithokoza m'chinenero cha kwawo n'kuti, "Yewo, adada. Chifuwa n'chanu, mbwenu." Ine ndinaona ngati ndapambana.

Ndinakwatira konkuno, mkazi wanga ndi NyaTembo. Kwawo kuli ng'ombe, ndiye chambiko sichinkasowa. Ndinkadzitama kuti ine ndimatsuka kawiri, kuntchito ndi kunyumba. Ndinakhala pachigayo chija zaka zisanu, mphuno ili pamtunda.

Zinayamba ndi njinga. Kachitunda kamene ndinkakwera ndikuimba mluzu kanayamba kunditsitsa. Kenaka chifuwa chouma, chosatha. Ine ndinangowonjezera mkaka. Inu owerenga, mukuona mutu umene ndinali nawo? Itafika poti ndikanyamula miyala itatu ndiyenera kukhala pansi, kapitawo anandiuza kuti ndikapumule kunyumba. Sanandiitanenso.

NyaTembo ndiye anandikokera kuchipatala cha mishoni. Anandiyeza makhololo, chifuwa chachikulu sanachipeze. Anandijambula m'chifuwa. Dokotala atayang'ana chithunzicho anandifunsa ntchito imene ndinkagwira. Ndinamuuza, n'kuwonjeza monyada kuti fumbi lisamudetse nkhawa, ine ndinali wosaphonya mkaka.

Sanaseke. Bola akanaseka.

"Bambo, munaphapo mbuzi?" anandifunsa.

Ndinati zambirimbiri.

"Mukadula pakhosi mumapeza njira zingati?"

Ndinati ziwiri.

Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana. Njira yofewa ija ndi m'mero, imapita m'mimba. M'menemo ndi modutsa chakudya, madzi ndi mkaka wangawo. Njira yolimba ija, yokhala ngati mphete zosanjikizana, ndi kholingo, imapita kumapapo. M'menemo mumadutsa mpweya wokha. Ndiye chifukwa chake dontho la madzi likasochera kumeneko munthu amatsamwa n'kutsokomola. Kholingolo limagawika pawiri, kenaka n'kuchita nthambi ngati mtengo, mpaka kumapeto kuli timatumba tosaoneka ndi maso. M'timatumbamo ndi m'mene magazi amatengera mpweya wabwino n'kusiya woipa. Nthiti ndi mnofu wa pansi pake zimakoka ngati mvukuto, mapapo n'kufufuma, kenaka n'kuphwa.

Fumbi lalikulu, anatero, limakodwa mu ubweya wa m'mphuno ndi m'mamina, munthu n'kulimina. Koma la miyala, losalala lija, limafika mpaka kutimatumba n'kukhazikika. Thupi limalikuta ndi zipsera. Mapapo amauma, amaleka kufufuma bwino. Ndinafunsa za mankhwala. Anati ochepetsa chifuwa alipo, koma ochotsa fumbilo kulibe.

Sindinafune kukhulupirira. Patapita milungu iwiri kwa apongozi kunali chinkhoswe, anapha mbuzi. Ndinapempha kuti zam'kati ndikonze ndine. Ndinatenga mapapo ali ndi kholingo lake n'kuuzira. Anafufuma, ofewa ngati chinkhupule chonyowa. Nditasiya anaphwa okha. Ndinatsata m'mero ndi chala, unakathera kuchifu. Pakati pa njira ziwirizo panalibe khomo. Mbuzi zonse zimene ndinapha pamoyo wanga, ndinkangoganiza za chiwindi chootcha. Ndinayesa kuuziranso mapapo aja, mpweya unandithera, ndinakhala pansi ndi magazi m'manja. Alamu anga ankayesa ndaledzera.

Lero ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, koma ndimayenda ngati nkhalamba. Kuchoka pakhonde kufika kuchimbudzi ndimaima kamodzi. Kutchalitchi ndimangoyendetsa milomo, nyimbo sindingaimalize mzere. Mwezi wa Juni ukafika ndi chisanu cha kuno, ndimagona chokhala. Munda amalima NyaTembo. Ine amene ndinkaponya mwala wa anthu awiri, ntchito yanga ndi kuingitsa nkhuku pa ufa.

Chimene chimandinyansa n'chakuti zitsiru sizinathe. Ndimaona anyamata kuzigayo za chimanga pa Boma, oyera nsidze ngati makoswe a m'nkhokwe. Ena amasula thumba la simenti nkhope ili m'kati. Ukawauza amati iwo ndi amuna, akamwa mkaka, ena akuti masese ndiye amatsuka bwino. Umuna wake uti? Mwamuna amene akulephera kuuzira moto?

Inu owerenga, sinditha kulankhula zambiri, mpweya wake ndilibe. Ngati mumagwira ntchito pafumbi, phimbani mphuno ndi pakamwa. Nsaluyo muzichapa. Pamene pangathiridwe madzi kuti fumbi ligone, thirani. Mukayamba kubanika pachitunda chimene kale simunkachiwerengera, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Mkaka imwani, ndi chakudya chabwino, koma kumene kuli fumbi sufikako. Anzanu akakusekani asiyeni aseke. Tsiku limene mudzafune mpweya, palibe mmodzi wa iwo adzakupumireni.