Phokoso lomwe a Eyite anadula

Pansi pa masitepe a nyumba ya mashopu yomwe ine ndimasokeramo zovala pali kachipinda ka a Eyite, obena nyimbo pa zimbale za CD. Nkochepa moti iwo akayetsemula, ometa tsitsi a khomo linalo ndiwo amapukuta kumaso. Dzinali tinawapatsa ndife, chifukwa aliyense wobwera ndi fulashi amamulonjera chimodzimodzi: "Chimbale ndi mphindi eyite, achimwene. Sankhani, si thumba la makala ili."

Ambiri amati ntchito yawo inatha, poti nyimbo masiku ano zimayenda m'mafoni. Koma alipo okalamba ndi madalaivala omwe mawailesi awo sadziwa MP3. Wailesi yotere ukaipatsa chimbale chongounjikamo mafayilo, imachizunguza kawiri nkungoti zii. A Eyite amayamba asandutsa fayilo iliyonse kuti ikhale yomveka pa wailesi wamba, kenako nkubena pang'onopang'ono. Akatha amayesa pa wailesi yawo yakale, ya chitseko chomanga ndi mphira. Koma chomwe amanyadira kwenikweni ndi kudula phokoso. Chifuwa, mpando wokwekwesa, munthu wolankhula nyimbo isanayambe, zonse amameta. Akazi awo amati ngakhale kunyumba ukamawafotokozera nkhani, amafuna akudule chiyambi.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera madala ena amene kale ankayendetsa basi. Akazi awo anamwalira chaka chatha. Mayiwo ankaimba kwaya, ndipo akamayeserera kukhitchini madalawo ankawajambula pa foni. Foniyo inagwera m'ndowa, koma mkamwini anali atakopera kale mafayilo pa chimbale. Wailesi ya kunyumba itachikana, madala anaganiza kuti ndi litsiro, nkuchikwecha ndi chotsukira mapoto.

A Eyite anachiyang'anitsa pa dzuwa. "Bambo, chinakulakwirani chiyani chimbalechi?"

"Ndimachisambitsa."

"Mukanakhala dokotala, manda akanadzaza. Kwina kulipo komwe nyimbozi zinasungidwa?"

"Mayi anu atsala mmenemo basi."

Ine singano ndinaimitsa. Si kuti ndimamvetsera za eni, koma makina anga amafuna kupuma nthawi zina.

Kompyuta inalira ngati mbuzi yomangidwa, mpaka masana mafayilo onse anatuluka. A Eyite anawasandutsa, anameta phokoso lonse, nkubena chimbale choyera bwino. Mafayilo akale anafufuta monga amachitira masiku onse, poti kompyuta yawo ndi ya mimba yaing'ono.

Lachitatu madala anabwera atavala jekete. Anakhala pa benchi ya ometa, wailesi ya mphira ija nkuyamba. Mawu a mayiwo anatuluka osalala, mpaka ometa anazimitsa makina awo. Koma madala ankangodina batani, nyimbo iyi, nyimbo iyo, nkhope ikugwa.

"Mwanawe, pondikalipira paja pali kuti?"

"Pokukalipirani?"

"Nyimbo yachitatu isanayambe amati, 'Abambo ake, chotsani chala pa foniyo, mukujambula chala chanu.' Kenako amaseka. Kuimbako ndikamvanso kutchalitchi, amaimba ena. Ine ndimafuna pamenepo."

A Eyite anasakasaka mu kompyuta, koma mafayilo aja anali atafufuta dzulo. Ometa anati, "Mwameta mpaka nsidze, anzanga." Palibe anaseka, ngakhale ine.

Chinatsala ndi chimbale chokwechedwa chija. Atachibwezera mu kompyuta, chinakana. Anachitulutsa, kuchiuzira mpweya, kuchipukuta ndi nsalu yofewa yomwe ndinawadulira ine, chinakanabe. Anagwetsa liwiro mpaka pansi penipeni, nkusiya mafayilo ena onse, kungopempha fayilo yachitatu yokhayo. Makasitomala awiri anabwera, anawabweza. Chakudya chomwe akazi awo anabweretsa chinazizira pa shelefu. Kamzere kobiriwira ka pa kompyuta kankayenda ngati nkhono, kuima, kuyendanso. Madala anavula jekete, kulipinda, kulivalanso.

Dzuwa litapendeka kamzereko kanafika kumapeto. A Eyite sanakhudze kalikonse. Anangosandutsa fayiloyo momwe inalili, nkubena. Pa wailesi panamveka mbale zikugundana, mpopi ukutayira madzi, kenako mawu akuthwa a mzimayi: "Abambo ake, chotsani chala pa foniyo."

Madala anabisa dzanja lawo m'thumba msangamsanga ngati agwidwa. Kenako anayamba kuseka, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Ndi yemweyu," anatero. "Zaka makumi anayi osandipatsa mpata."

Pano mpamene muwadziwire a Eyite. Nyimboyo ndi ya mphindi zinayi, chimbale ndi cha mphindi makumi asanu ndi atatu, ndipo munthu uyu sangagone atasiya chimbale chili ndi malo. Ndiye anaibwereza mpaka chinadzaza. Aneba a madalawo akuti tsopano m'mawa uliwonse bamboyo amakalipiridwa kambirimbiri asanamwe tiyi, ndipo nthawi zina amayankha.

Masiku ano ukafika ndi fulashi yako, za mphindi eyite amanenabe, matenda amenewo alibe mankhwala. Koma asanagwire kalikonse amafunsa kaye, "Phokosoli ndi lanu kapena ndidule?" Akazi awo atamva anati funso limenelo lifikenso kunyumba.