Chaka chimene agogo anakhala Maria

Kansaluko kanali kong'amba ku thumba la ufa wa buledi, ndipo malume anajambulapo nkhope ndi khala. M'sewero la kutchalitchi ine ndinali Veronika, wopukuta nkhope ya Yesu, ndipo Lenti yonse ya chaka chimenecho ndinkagona nako kumutu.

Masiku ano malume ndi munthu wotchuka. Atsogolera masewero m'maholo a m'tauni, apanga mafilimu, ndipo akangotsokomola achinyamata amakhala chete. Koma nthawi imeneyo anali mnyamata wothawa ku seminale, amene mudzi wathu wa m'munsi mwa Chongoni unkamudya miseche pamjigo. Agogo, amayi awo, ankayembekezera wansembe pakhomo, ndiye chibwerere cha malume ankangowaikira chakudya osawalankhula. Bambo mfumu anawalola kukonza sewero la Njira ya Mtanda kamodzi kokha. Likakanika, malume anali atalonjeza kupita ku esiteti ya fodya ku Kasungu, zamasewerozo n'kuziiwala.

Yesu anali bambo anga, poti anali owonda ndiponso a ndevu. Tinkayeserera masana pabwalo la sukulu, nkhungu ikutsetsereka phiri, m'manja mukununkha chimanga chootcha. Malume sankakalipa. Munthu akalakwitsa ankangoti, "Bwerezani, koma musasewere. Chitani." Mawu amenewa sanawasiye mpaka lero.

Kutatsala masiku ochepa, mayi amene anali Maria anapita kuchikuta. Wina wodziwa nyimbo ya pansi pa mtanda anali agogo okha, ndipo apa ndi pamene panagona nkhani. Maria amayenera kufungata mtembo wa Yesu, pamene agogo ndi bambo anali pachipongozi. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'chimanga. Chikwatirire cha bambo, awiriwa anali asanayang'anepo kumaso.

Agogo anavomera, koma yankho analidzeretsa kwa amayi anga: "Kuimba ndiimba. Zogwira mkamwini, mumuuze wansembe wanuyo aiwale."

Poyeserera ankakhala chofulatira, bambo atagona poteropo ngati thumba la mbatata loiwalika m'munda, anthu n'kumagwa nako kuseka. Ine mtima unkandipsa, ndinkaona ngati agogo akuwononga dala. Malume sanawakakamize. Anangoti zikhale choncho, Maria aziimba atafulatira.

Lachisanu Loyera anthu anadzaza bwalo, ena kuchokera ku Lobi. Bambo anatsitsidwa pamtanda, nthiti zili psuu ndi madzi a chidede, ndipo agogo anayamba nyimbo atayang'ana kuphiri. Kumbuyo kunamveka kaphwete, kenako kena, poti aliyense ankadziwa chimene Maria akufulatirira mwana wake. Bambo mfumu anakwinya nkhope. Malume anali ataima pafupi nane, ndipo ndinawaona akuweramitsa mutu ngati munthu amene wayamba kale ulendo wa ku Kasungu. Agogo nawo anawaona.

Nyimbo ikadali pakamwa, anatembenuka, n'kuyenda chogwada mpaka pamene panagona bambo, n'kunyamula mutu wawo kuuika pamiyendo. Kenako amayi a m'mudzi anayamba kulira maliro enieni.

Akamafunsidwa pawailesi, malume amati zonsezi anazikonza dala. Limenelo ndi bodza. Ine ndinalipo, ndipo analira kuposa tonse.

Ku Kasungu sanapitenso. Litatha sewerolo, m'mawa mwake ndikuperekeza agogo kudimba tinakumana ndi bambo, ndipo agogo analowa m'chimanga monga mwa masiku onse. Ndinawafunsa kuti akuthawiranji munthu amene dzulo lomweli anamufungata. Anangoti, "Yenda iwe, dzuwa likukwera."

Ndinaganiza kuti akuluakulu mitu yawo siyenda bwino. Sindikanatha kudziwa kuti mayi akhoza kuswa mwambo wake pamaso pa mudzi wonse kuti mwana wake wobereka yekha asachite manyazi, pakamwa pake pakukanikabe kumuuza kuti wamukhululukira.